USIKU WOYAMBA M'TENTI



Ambiri a inu okhala ku Kaunda Square, ku Chelstone, ku Kabwata ndi m'madera ena a mzinda wa Lusaka, tenti mumaidziŵa, koma mumaidziŵira pa maliro. Pakagwa zovuta panyumba ina, madzulo ake mumaona tenti yaikulu itaimikidwa pabwalo, azibambo atazungulira moto, nachezera pomwepo kufikira kunja kutayera. Mwina munaionanso pa ukwati kapena pa msonkhano wa mpingo. Lero ndifuna tikambe za tenti ya mtundu wina, yaing'ono, yokwana anthu aŵiri kapena anayi, imene munthu amaipinda, naiika m'chikwama cha kumsana, nayenda nayo wapansi masiku aŵiri kapena atatu, kumagona kumene dzuŵa lamloŵera.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Ndili mphunzitsi wachinyamata, ndinatenga anyamata a kalasi langa ulendo wotere m'mwezi wa June, kuloŵera cha ku Chongwe. Matenti tinachita kubwereka, ndipo sitinawafunyulule kufikira titafika. Tinafika mochedwa, miyendo ili lende. Pamene timamasula mitolo n'kuti dzuŵa litapendeka kale, ndipo m'pamene tinazindikira kuti zikhomo zina palibe, ndi kuti pa tonsefe panalibe ndi mmodzi yemwe wodziŵa kuti mtengo uti uloŵa pati. Malo ndinasankha ndine: m'mphepete mwa dambo, popeza panali posalala, udzu wofeŵa, madzi ali pafupi. Pakati pa usiku kunagwa chisanu choti mano kumachita kugundana. Tili m'kati molimbana ndi chisanucho, m'mitengo ya kumtunda munamveka kulira konga kwa mwana wakhanda. Anyamata onse anadzapanikizana m'tenti yanga, ndipo kunena zoona, mphunzitsi wawo nayenso mtima unali m'mwamba. Palibe anaona tulo. M'maŵa kunadzera mkulu wina wa pamudzi wapafupi, nayang'ana matenti athu opendekawo, nandifunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, kodi kwanuko anthu amagona padambo nyengo ino?" Za kulira kuja anangoseka, nati anali changa.

Tsono chimene chimandiŵaŵa kufikira lero si chisanucho ayi. Ndi chakuti chaka chotsatira, nditaitananso ulendo, ambiri a anyamata aja anakana. Ndinawaphera chidwi ndi usiku umodzi. Cholakwa changa chinali chakuti ndinawaunjikira zachilendo zonse nthaŵi imodzi: mtunda, katundu, mdima, chisanu, malo osawadziŵa ndi nyumba yansalu imene sanaigonepo. Chilichonse mwa izi mwana angathe kuchizoloŵera, malinga chikadza pachokha.

Musaganize kuti kugona kutchire ndi nzeru yochokera kunja. Chinenero chathu chili ndi liwu lake lakalekale, lakuti msasa. Alenje ankamanga msasa wa nthambi ndi udzu akapita ku uzimba wa masiku. Asodzi amamanga misasa m'mbali mwa mitsinje kufikira lero, ndipo alimi amagona m'zisakasa polondera mbewu zawo. Agogo athu ambiri a kummaŵa kwa dziko lino ndi a ku Malaŵi ankayenda wapansi milungu yathunthu kukafuna ntchito ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, ena kufikira ku migodi ya ku Johannesburg, akugona m'misasa, moto uli lawilawi kuopa mikango. Ngakhale Robert Baden-Powell, amene anayambitsa gulu la ma Scout pogona ndi anyamata pafupifupi 20 m'matenti pa chilumba cha Brownsea ku England mu August 1907, zambiri za m'tchire anaziphunzira kuno ku Africa, makamaka m'mapiri a Matobo ku Zimbabwe mu 1896, pamene anali msilikali wa atsamunda. Kuno kwathu, makalabu a Chongololo, amene anayamba mu 1972 pansi pa bungwe losamalira nyama za m'tchire, akhala akukokera ana a sukulu za pulayimale ku zachilengedwe, ndipo kuyambira 1978 anayambanso kumveka pa wailesi. Chimene chasintha ndi chakuti mwana wobadwira m'tauni, wokulira m'nyumba ya njerwa ndi chitseko chokhoma, alibe agogo pafupi omuonetsa magonedwe a panja. Ntchito imeneyi yagwera inu aphunzitsi.

Langizo langa lalikulu ndi ili: usiku woyamba m'tenti ugonedwe pabwalo la sukulu, kapena m'mpanda wa nyumba ya kholo lina, konkuno ku Kaunda Square. Ena adzaseka kuti ulendo wanji wosachoka pakhomo. Asiyeni aseke. Pabwalo la sukulu, chikhomo chikasoŵa mudzasema china maŵa. Mwana akazizidwa mudzamloŵetsa m'kalasi. Akalira kufuna amake, amake ali kuseri kwa msewu. Zolakwa zonse zimene mukanakazichitira kutali mudzazichitira pamalo pamene sizingakupwetekeni.

Yambani masana, masiku angapo usiku wogonawo usanafike. Yalani tenti pansi, ŵerengani zikhomo, mitengo ndi zingwe, ndipo mwana mmodzi alembe chiŵerengero chake m'kope. Gaŵani ana m'timagulu ta anayi, aliyense ndi ntchito yake, aimike, agwetse, apinde, aimikenso. Kachitatu adzakhala akuimika akucheza. Akatero, achitenso chimodzimodzi chisisira chitagwa, chifukwa kutchire kaŵirikaŵiri m'pamene ntchitoyi imagwiridwa. Kumbukirani kuti mu June ndi July dzuŵa limaloŵa isanakwane 18 koloko, ndipo kwathu kuno mdima suzengereza. Usiku wake umatenga pafupifupi maola 13. Zikhomo azikhomera chopendeka, mutu kuloza kutali ndi tenti, kuti chingwe chikakoka zisazuke. Ngati sukulu ilibe tenti, funsani kwa a Scout, a Girl Guide kapena ku mipingo. Zikakanika, chingwe chomangidwa pakati pa mitengo iŵiri ndi chipepala chachikulu cha pulasitiki choyanikidwa pamwamba pake, m'mbali mwake mutatsendereza ndi miyala, ndi nyumba yokwanira m'nyengo yopanda mvula.

Pali zina zimene sizifuna kukambirana, aphunzitsi. Chilolezo cha akulu a sukulu ndi cha makolo chikhale cholembedwa. Akuluakulu ogona ndi ana asachepere aŵiri, ndipo pamene pali atsikana pakhale mphunzitsi wamkazi kapena mayi wodalirika, matenti awo ali paokha. Funsani makolo mwamseri za mwana wodwala mphumu kapena khunyu, ndi za amene amakodzera pogona, kuti mumsamale popanda anzake kudziŵa. Mwana wochititsidwa manyazi pa ulendo woyamba sabweranso.

Tsopano tikambe za chisanu, pakuti ndicho chimalanda tulo koposa zonse. Mzinda wa Lusaka uli pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa June ndi July kuzizira kumafika pa madigiri 10 kapena kutsikirapo. Munthu wosadziŵa akamva zimenezi amathamangira kuunjika mabulangete pamwamba pa thupi. Komatu chisanu choopsa m'tenti chimachokera pansi. Nthaka yozizira imakoka kutentha kwa thupi lanu usiku wonse, monga momwe simenti ya m'kalasi imakuziziritsirani mukaikhalira m'maŵa. Bulangete limafunditsa chifukwa cha mpweya umene umakodwa pakati pa ubweya wake; tsono mukaligonera, thupi lanu limaliphwatalala, mpweya uja n'kuthaŵa, ndipo limatsala ngati nsalu wamba. N'chifukwa chake agogo athu pomanga msasa ankayamba ndi kumweta udzu wouma wambiri woyala pansi.

Inu mungachite chimodzimodzi popanda kugula kanthu. Tengani matumba aŵiri opanda kanthu a ufa, aja a makilogalamu 25, muwasokere pamodzi, ndipo pofika pamalo ogona muwadzaze udzu wouma kapena masamba ouma, mutawakuntha bwino kuti musatengere tizilombo. M'maŵa mukhuthula, thumba n'kulipinda. Pabwalo la sukulu makatoni akale amagwira ntchito yomweyo. Pansi penipeni yalani pulasitiki wotchinga chinyontho, pamwamba pake udzu kapena makatoni, kenaka mphasa kapena bulangete. Muli ndi mabulangete aŵiri okha? Limodzi pansi, limodzi pamwamba. M'masitolo muli timatiresi topyapyala topinda ndi matumba ogonamo opangidwira maulendo otere, ndipo amene angathe kugula achita bwino, koma nzeru yake ndi yomweyo ya udzu wa agogo: kuika mpweya pakati pa thupi ndi nthaka.

Aphunzitsi, nayi ntchito ya m'kalasi imene ingaonetse zimenezi bwino kuposa mawu anga. Dzazani mabotolo aŵiri ofanana ndi madzi ofunda. Lina muligoneke pa simenti, lina pa thumba la udzu, ndipo onse muwafunditse nsalu zofanana. Patapita ola limodzi, ana awakhudze, anene okha chimene chachitika.

Zovala zimene mwayenda nazo masana zimakhala ndi thukuta, ngakhale zioneke zouma, ndipo usiku zimasanduka madzi ozizira pathupi. Sungani zovala zogonera zouma m'pulasitiki, pamodzi ndi masokosi ndi chipewa chaubweya. Izi zimapezeka motchipa pa salaula. Malaya opyapyala aŵiri kapena atatu ovala mosanjikiza amafunditsa kuposa chijasi chimodzi cholemera. Idyani mokhuta musanagone, chifukwa thupi limasonkha moto wake ndi chakudya. Nsima yotentha kapena mbatata yootcha ndi tiyi zikwanira. Ndipo pitani kuchimbudzi musanaloŵe m'tenti. Mwana amene akuumiriza mkodzo chifukwa choopa mdima sagona, nasoŵetsanso tulo anzake. Ikani lamulo lakuti wofuna kutuluka usiku adzutse mnzake, apite aŵiri ndi tochi, ndipo wodzutsidwayo asanyinyirike.

Pano mvetserani bwino, ananu, pakuti ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Mbaula isaloŵe m'tenti. Kaya kuzizire motani, kaya makala aoneke ngati apsa bwino opanda utsi, isaloŵe. Makala oyaka, amene ambiri kuno timawatcha malasha, amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, nafooka, nagona tulo tosadzukanso. Nyengo yozizira timamva za anthu omwalira motere m'nyumba zotseka, ndipo tenti ndi yaing'ono kuposa chipinda chilichonse. Kandulo ndi nyali ya parafini nazonso zikhale kunja, chifukwa tenti ya nayiloni ikagwira moto imasungunuka m'kanthaŵi kochepa, n'kumamatira pakhungu. M'kati muziŵala tochi yokha. Moto wophikira usonkhedwe patali ndithu, ku mbali kumene mphepo ikupita.

M'maŵa mwa usiku woyamba mwana wina adzabwera kudzadandaula kuti tenti ikudontha, chonsecho mvula sinagwe. Madziwo ndi a m'mapapo mwawo momwe. Munaonapo mawindo a minibasi yodzaza m'maŵa wa June momwe amachitira nkhungu? Mpweya umene timapuma uli ndi chinyezi, ndipo ukagunda nsalu yozizira umasanduka timadontho. Mankhwala ake ndi odabwitsa kwa munthu wozizidwa: musatseke tenti yonse. Siyani timazenera take totsegula, kapena kampata pamwamba pa khomo, kuti chinyezi chizituluka. Tenti yotsekedwa ndindindi imadzutsa anthu ali onyoŵa, ndipo wonyoŵa ndiye wozizidwa.

Za mvula ndingonena pang'ono, popeza sindilangiza kuti oyamba kumene ayende pakati pa November ndi March. Koma dziŵani kusiyana kwa matenti. Yakale ija ya nsalu yokhuthala ya thonje, ulusi wake umatupa ukanyoŵa n'kutseka timipata, koma mukaikhudza ndi chala kapena mutu cham'kati, madzi amayamba kuloŵera pomwepo. Zingwe za khonje zimafupika zikanyoŵa, mwakuti zingazule zikhomo, choncho zimafuna kumasulako mvula ikamabwera. Ya nayiloni imachita zosiyana: imalendeŵera ikanyoŵa, ndipo imafuna kukungidwanso.

Tibwere ku mantha. Sindidzakuuzani kuti musaope, popeza mantha samva kulamulidwa. Ndikuuzani kumene amachokera. M'nyumba, makoma amatitsekera phokoso la kunja. M'tenti, pakati pa khutu lanu ndi dziko lonse pali nsalu yokha. Maso akasoŵa choona, makutu amakula. Mbeŵa yoyenda m'masamba ouma imamveka ngati chilombo; tsamba logwera patenti limamveka ngati dzanja; nsalu yokupizidwa ndi mphepo imamveka ngati munthu wofuna kuloŵa. Phokoso losadziŵika mwini wake ndilo limaopsa, ndipo likapatsidwa dzina limachepa mphamvu.

Choncho usiku uja wa pabwalo la sukulu, mutatha kudya, zimitsani matochi onse, mukhale chete mphindi zisanu, kenaka mwana aliyense atchule chimene wamva. Ku Kaunda Square adzamva agalu, nyimbo za kumabala, malole akubuula pa Great East Road, mwina ndi tambala wosokonezeka. Koma pansi pa zonsezi adzamvanso nkhululu, mileme, ndipo mwamwayi kadzidzi. Ndidziŵa zimene ambiri tinauzidwa za kadzidzi, ndipo sindifuna kukangana ndi agogo a munthu aliyense pa wailesi. Ndingonena chimene aliyense angadzionere: pansi pa malo amene kadzidzi amagona mumapeza timibulu ta ubweya ndi mafupa timene amalavula, ndipo mukatiphwanya ndi kamtengo mudzapeza timitu ta makoswe ndi mbeŵa. Mbalameyi imabwera pafupi ndi nyumba zathu chifukwa ndiko kuli makoswe. Kunja kwa mzinda mudzawonjezera ena pa mndandanda: lumbe, amene amalira mobwereza usiku wa mwezi, nkhandwe, achule a kudambo, ndi changa uja anandichititsa manyazi, kanyama ka maso aakulu kodumpha m'mitengo, kodya zipatso, utomoni ndi tizilombo, kosapweteka munthu.

Letsani nthano za mfiti ndi mizukwa pa moto wa usiku woyamba, ndipo yang'anirani anyamata aakulu okonda kukanda tenti ya anzawo kuti awaopseze. Kwa iwo ndi maseŵera. Kwa wamng'onoyo ndi usiku umene sadzauiŵala. M'malo mwake atulutseni aone kumwamba. Madzulo a June, cha kummwera, mudzaona nyenyezi zinayi zoŵala zooneka ngati mtanda. Mukatalikitsa m'maganizo mzere wautali wa mtandawo kanayi ndi theka kuloŵera kumene kuli phazi lake, n'kutsika molunjika kufikira pamene thambo likumana ndi dziko, kumeneko ndiko kummwera. Mwana amene wapeza kummwera ndi maso ake amaloŵa m'tenti akudzimva kuti ndi munthu wa paulendo.

Musayembekeze kuti agona bwino usiku woyambawo. Ngakhale akuluakulu ozoloŵera amagona mwa apo ndi apo akafika pamalo achilendo. Auzeni zimenezi pasadakhale, kuti amene adzadzuke pakati pa usiku asaganize kuti pali chimene chalakwika. Usiku wachiŵiri tulo timabwera tokha.

Mukagona pasukulu kaŵiri, yambani kuzoloŵera katundu, ndipo izinso zichitike padera, masana. Odziŵa za maulendo otere amalangiza kuti munthu wamkulu asanyamule katundu woposa gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lake, ndipo mwana ayenera kunyamula wochepera pamenepo. Ŵerengerani nokha: mwana wolemera makilogalamu 35, gawo limodzi mwa asanu ndi makilogalamu 7, ndipo ine ndinganene kuti 5 amkwanira. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho mabotolo aŵiri a lita atenga kale makilogalamu 2. Mukaika bulangete, zovala zogonera, mbale, kapu ndi chakudya, mudzaona kuti malo a zinthu zongokondweretsa palibe. Tenti igaŵidwe pakati pa ogonamo: wina nsalu, wina mitengo, wina zikhomo ndi pulasitiki. Zolemera zikhale pafupi ndi msana, zofunika panjira pamwamba. Loŵeruka lina m'maŵa berekani zikwamazo, muyende nazo ola limodzi m'misewu ya kwanu komweko, ndipo pobwera aliyense atulutse chinthu chimodzi chimene waona kuti akanatha kuchisiya. Nsapato zikhale zakale zozoloŵera phazi. Nsapato yatsopano yogulira ulendo imabala matuza pasanathe maola aŵiri.

Pokhapo m'pamene mungatuluke mumzinda, ndipo ulendo woyamba ukhale waufupi, wa usiku umodzi, pamalo pamene mphunzitsi anakayenderatu. Dziko lililonse lili ndi mwini wake. Pitani kwa anyakwaŵa kapena kwa mwini famu, mupereke moni, mufotokoze za ulendo wanu, ndipo mufunse kumene kuli madzi abwino ndi kumene simuyenera kuponda, monga kumanda. Paja safunsa anadya phula. Ine ndikanafunsa mkulu uja madzulo m'malo mokumana naye m'maŵa, bwenzi nkhani yanga ili ina. Konzani kuti mufike kukali maola aŵiri dzuŵa lisanaloŵe.

Posankha malo, peŵani dambo. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo usiku umatsetsereka kuchokera kumtunda n'kukadikha m'zigwa monga amachitira madzi; ndiko kumagwa nkhungu ndi mame ambiri, ndikonso kuli udzudzu. Kwerani pang'ono, mupeze pamalo pouma, pokwererapo, pakati pa mitengo yamoyo. Yang'anani kumwamba ngati pali nthambi youma yoti ingagwe. Yang'anani pansi ngati pali una kapena njira ya linthumbu, pakuti linthumbu likaloŵa m'tenti palibe chochita koma kuthaŵa; makolo athu amathira phulusa mozungulira pogona. Musamange m'khwaŵa louma, kapena panjira yopita kumadzi imene nyama zimadzera. Kufupi ndi mitsinje ikuluikulu monga Kafue ndi Luangwa, mvuu zimatuluka usiku kukadya msipu, ndipo ng'ona zimadikira potungira madzi. Tolani miyala ndi zitsotso musanayale, ndipo ngati malo ali otsetsereka pang'ono, mutu ukhale kumtunda. M'chilimwe mphepo ya kuno imakonda kuchokera kummaŵa, choncho khomo la tenti lipenye kumadzulo.

Madzi a mumtsinje kapena pachitsime chosatetezedwa aŵiritsidwe kufikira atabwata, kapena athiridwe mankhwala a klorini monga mwa malangizo a pabotolo. Ana a mu Lusaka safuna kuwafotokozera zambiri za kolera, popeza akumbukira kuti kuchiyambi kwa 2024 sukulu zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu, ndipo bwalo la maseŵera la Heroes linasanduka chipatala. Kumbani kadzenje ka chimbudzi kutali ndi madzi, kumunsi kwa msasa, ndipo sopo akhale pomwepo. Ngati tenti ilibe ukonde wake wotchinga udzudzu, nyamulani neti. Mwana wokulira mumzinda thupi lake silinazoloŵere malungo monga la mwana wa kumudzi, ndipo malungo saonekera tsiku lomwelo. Uzani makolo kuti mwana akatentha thupi patapita mlungu umodzi kapena iŵiri, apite naye kukayezetsa magazi, nanene kumene anapita. Khomo la tenti lotchinga tizilombo likhale lotseka masana onse. M'maŵa kunthani nsapato musanavale, chifukwa zinkhanira zimakonda mobisala motero. Njoka zambiri zimathaŵa zikamva mapazi, koma mphiri imangogona panjira podalira maŵanga ake, n'chifukwa chake usiku palibe kuyenda wopanda nsapato ndi tochi. Wina akalumidwa, musacheke bala, musayamwe, ndipo musamange chingwe cholimba. Mgonekeni asayendeyende, mumnyamule msanga kupita naye kuchipatala. Mphunzitsi adziŵiretu chipatala chapafupi ndi galimoto imene ingapezeke usiku.

Ena a inu mukulota kale za nkhalango zosungira nyama. Maloto abwino. Ku chigwa cha Luangwa ndiko kunayambira maulendo oonera nyama wapansi amene atchukitsa dziko lathu, mwa ntchito ya Norman Carr, amene mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo m'dziko la mfumuyo. Koma kumeneko munthu sayenda popanda mlonda wa nyama wonyamula mfuti, ndipo ana aang'ono saloledwa pa maulendo apansiwo. Pafupi ndi kwathu pali Lusaka National Park, kummwera chakummaŵa kwa mzinda, imene inatsegulidwa mu 2015, kumene kalasi lingathe kukaona mbidzi, nyumbu ndi akadyansonga tsiku limodzi n'kubwerako. Za malamulo ogona m'nkhalango iliyonse, aphunzitsi afunse ku dipatimenti yoona za nkhalango ndi nyama za m'tchire, imene likulu lake lili ku Chilanga.

Kwatsala za m'maŵa wonyamuka. Musafulumire kupinda tenti ikali ndi mame. Itembenuzeni, muiyanike pamene mukudya kadzutsa, ndipo ngati mwakakamizika kuipinda yonyoŵa, mukaiyanike tsiku lomwelo pofika kwanu, chifukwa ikakhala m'thumba masiku ochepa imachita nguwi n'kuyamba kuwola, ndipo amene anakubwerekani sadzakubwerekaninso. Wa kope uja aŵerenge zikhomo. Moto uthiridwe madzi, utakasidwe ndi mtengo, uthiridwenso, kufikira mphunzitsi ataika dzanja pa phulusa osamva kutentha. Kuyambira July kufikira October udzu umakhala wouma ngati utuchi, ndipo khala limodzi lingatenthe munda ndi nkhokwe za anthu amene anakulandirani. Kwirirani chimbudzi, tolani mapepala ndi zitini zonse mubwerere nazo, ndipo mudzere kwa anyakwaŵa kukatsazika.

Ntchito yanu ya mlungu uno, ananu, nayi. Madzulo ano, mutapempha kwa makolo, khalani pakhonde mphindi zisanu magetsi atazimitsidwa, mulembe phokoso lililonse limene mwamva ndi mwini wake. Limene simukulidziŵa mulilembe padera, mukafunse akulu a panyumba kapena aphunzitsi maŵa. Inu aphunzitsi, yesani za mabotolo aŵiri zija, ndipo muyambe kufufuza kumene mungabwereke tenti. Tsalani bwino.